Njira Yotayira Nyimbo za ku Thyolo Inu Muli ku Blantyre

M'misika yozungulira minda ya tiyi, kaya ndi ku Bvumbwe, pa boma la Thyolo, ku Luchenza kapena ku Makwasa, simusowa kachipinda kolembedwa pakhomo kuti situdiyo. Mkatimo mumakhala kompyuta ya bokosi yomwe inagulidwa itatumikira kale mu ofesi ina, yoyendera Windows 7 kapena XP, momwe muli FL Studio kapena Cubase 5. Pambali pake pali maiki imodzi, sipika ziwiri ndi kiyibodi. M'makoma anakhomamo mabulangete ndi matileyi a mazira. M'kachipinda kotere mwadutsa makwaya a mipingo, amayi a Mvano, anyamata oimba anayianayi opanda zida, achinyamata a hip hop ndi magulu a zachikhalidwe, ndipo mawu awo onse anatsalira m'bokosi lija.

Limafika tsiku loti mwini situdiyo wapeza ntchito ku Limbe, kapena wakwera basi ya ku Joni. Kumeneko wagula laputopu yatsopano, yopepuka, yothamanga. Ati atsegule nyimbo zake zakale, laputopu ikukana: apa yasowa plugin, apo yasowa sample, kwinaku ikufunsa laisensi. Ndiye mnzake amamutsina khutu: "Aise, isiye kumudzi ili chiyakire, uziilowa pa intaneti uli konkuno."

Maganizowo si oipa, ndipo pali ntchito zina zimene amathandizadi. Koma ilipo njira yowachitira imene mathero ake ndi kutaya zonse, ndipo ambiri amatsata yomweyo chifukwa ndi yotchipa, komanso masabata oyambirira imaoneka ngati ikuyenda. Ndiifotokoza monga ilili, kuyambira poyambira mpaka pothera. Ndikuifotokoza mtima ukuwawa, chifukwa nyimbo zimene zimatayika m'njira imeneyi zambiri si za mwini kompyuta.

Yambani ndi kusakopera chilichonse. Dziuzeni mumtima kuti poti mafayilo muziwaona pa laputopu nthawi iliyonse, ndiye kuti muli nawo m'manja. Kulowa m'kompyuta muli kutali kuli ngati kusuzumira m'nkhokwe pa kabowo: chimanga mukuchiona ndithu, koma anankafumbwe akamachigaya inu mulibe chochita. Nyimbo zonse zikadali pa hadidisiki imodzi ya zaka khumi kapena kuposerapo, ya timbale tozungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pa mphindi, yokhala ndi kamutu kowerengera komwe kamayandama pamwamba pa timbaleto mosakhudza. Disiki imeneyi inazolowera kugwira ntchito pakabwera kasitomala, kenako n'kupuma. Inu muilamule kuti izikhala maso usana ndi usiku. Nyimbo ya mphindi 4 yokhala ndi matiraki 30, yojambulidwa pa 24-bit ndi 44.1 kHz, siikwana n'komwe gigabayiti imodzi. Disiki yakunja ya terabayiti imodzi inganyamule nyimbo zotere pafupifupi 1,000, ndipo kukopera kungakudyereni tsiku limodzi kapena awiri musananyamuke. Tsikulo musalipeze. Ndalama ya disikiyo mugulire bandulo.

Mtima ukakutsutsani n'kufuna kukoperako pang'ono, tengani timafayilo ta polojekiti tokhatokha, tija tothera ndi .flp kapena .cpr, muike pa fulashi. N'topepuka, timakopereka m'kanthawi kochepa. Timafayiloto mulibe mawu a munthu ngakhale mmodzi. Muli malangizo chabe ouza pulogalamu kuti mawu akutiakuti ali m'foda yakutiyakuti, ayambire apa, akwere chonchi. Mawu enieniwo ali mbwee, ena pa Desktop, ena mu Downloads, ena pa drive D, ena m'foda yomwe munaitcha dzina la chibwenzi chakale. FL Studio ili ndi njira yomangira polojekiti ndi ma sample ake onse m'phukusi limodzi la zip, nayo Cubase ili ndi yake yosungira polojekiti yonse m'foda yatsopano. Zimenezo zilambalaleni. Mudzazindikira kuti fulashi ija ndi chigoba pa tsiku limene mudzaifune.

Tsono magetsi. Lumikizani kompyutayo kukhoma mwachindunji, popanda UPS, popanda chotchinga magetsi akakwera mwadzidzidzi. Musakumbukire zimene tonse tinaziona mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, magetsi n'kumathimathima kwa chaka ndi miyezi. Musakumbukirenso Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mapolo ndi kukokolola misewu m'chigawo cha kummwera. Magetsi akathima disiki ili mkati molemba, fayilo imene imalembedwayo imatha kuduka pakati, ndipo nthawi zina ndondomeko yonse ya mafayilo imasokonekera. Akabweranso, amabwera ndi mphamvu, ndipo choyamba kupsa ndi power supply. Nyengo ya mvula mphenzi imatha kulowera m'mawaya, osagogoda.

Pali kanthu kena kakang'ono komwe muyenera kukanyalanyaza. Pa motherboard pali kabatire kozungulira ngati kandalama kachitsulo, CR2032, komwe kamasunga tsiku, nthawi ndi zimene munasankha mu BIOS. Pa kompyuta ya zaka khumi, kabatireka kanatha kalekale. Mu BIOS muli posankha kuti kompyuta izidziyatsa yokha magetsi akabwera, koma batire likafa chisankhocho chimafufutika magetsi akangothima. Tsiku nalo limabwerera m'mbuyo zaka zingapo, ndipo mapulogalamu olumikizira pa intaneti amakana kudalira kompyuta imene ikunena chaka cholakwika. Kabatireko n'kotchipa. Musakasinthe.

Kompyuta ikazima, pafunika chala cha munthu chokaiyatsa. Apa sankhani mchemwali wanu amene amathyola tiyi, ndipo musamufunse ngati nthawi ali nayo. Kuyambira Disembala mpaka Epulo masamba amaphuka kwambiri, othyola amalawirira kusanache ndi dengu kumsana, ndipo malipiro a fotinaiti amadalira makilogalamu amene afika pa sikelo. Ndi miyezi yomweyinso imene magetsi amavuta kwambiri. Muimbireni foni ali pakati pa munda: "Achemwali, mukaweruka mukayatseko kompyuta ija, ndili ndi ntchito yofulumira." Adzayenda mtunda atatopa, mvula ikumukwapula, kukadina batani limodzi, ndipo akamafika kunyumba magetsi adzakhala atathimanso. Za mayunitsi musakambe. Kompyuta yodya mawati 100 ikayaka maola 24 imamaliza mayunitsi 2.4 pa tsiku, kapena kuti 72 pa mwezi, ndipo mitayo ndi ya pa nyumba imene inu simukukhalapo. Chibale chimapirira zambiri, koma foni yanu ikayamba kusayankhidwa mudzadziwa chifukwa chake.

Chipindacho chitsekeni ndithu, mazenera ndi zitseko, kuopa akuba, ndipo kompyutayo muifunditse chitenje kuti fumbi lisalowe. Tiyi amakonda Thyolo chifukwa cha mvula ndi chinyontho, ndipo chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimalowa m'nyumba ngakhale motseka. Mabulangete a m'makoma aja amamwa chinyonthocho n'kuchisunga. Maiki imachita nkhungu, mapini a zingwe amachita dzimbiri. Okutobala akafika, bokosi lofunditsidwa chitenje limasowa potulutsira kutentha, fani yodzadza fumbi imalephera, kompyuta n'kumadzizimitsa yokha. Mphemvu ndi nyerere zimakonda malo ofunda opanda wozisokoneza.

Tafika pa intaneti, ndipo apa ndikhalitsapo, chifukwa anthu ambiri sadziwa chimene chinaisunga kompyuta yawo zaka zonsezi. Inakhala moyo chifukwa siinkalowa pa intaneti. Microsoft inasiya kusamala Windows XP pa 8 Epulo 2014, ndipo Windows 7 inasiyidwa pa 14 Januwale 2020. Kuyambira pamenepo mabowo atsopano amene apezeka m'makina amenewa kawirikawiri satsekedwa. Mu Meyi 2017 kachirombo ka WannaCry kanatseka mafayilo m'makompyuta ambirimbiri padziko lonse, mpaka zipatala za ku Britain zinabweza odwala. Mu Meyi 2019 kunadziwika bowo lina lotchedwa BlueKeep, lomwe lili mu Remote Desktop, pulogalamu ya Windows yolowera m'kompyuta muli kutali, ndipo munthu amatha kulowera pamenepo osafunika pasiwedi. Linali loopsa moti Microsoft inatulutsa chigamba ngakhale cha XP yomwe inali itaitaya kale. Kompyuta ya mu situdiyo yanu chigambacho sinachilandire, poti sinali pa intaneti. Inu itengeni momwemo, muitsegulire port 3389 pa rauta, pasiwedi muike 1234 kapena chaka chanu chobadwa. Pali makina amene ntchito yawo ndi kuyendayenda pa intaneti usana ndi usiku kuyesa zitseko zoterezi, ndipo safunsa kuti Thyolo ili kuti.

Mwina njira imeneyo ikanika, chifukwa Windows ya Home siilola kulowedwa ndi Remote Desktop, komanso makampani a foni nthawi zambiri amagawira makasitomala ambiri adiresi imodzi, moti kutsegula port sikuthandiza. Pamenepo pitani ku AnyDesk kapena TeamViewer. Mukapeza kuti pulogalamu yatsopano ikukana Windows yakale, fufuzani yakale pa tsamba lililonse limene labwera koyamba, muikemo osafunsa kumene yachokera. Tsegulani kuti izilola kulowa popanda woyankha, ndipo nambala ndi pasiwedi muzitumize pa gulu la WhatsApp la anzanu ojambula nyimbo, kuti wina akuthandizeni kukonza. Antivirus munaizimitsa kale muja munkaika mapulogalamu a crack, isiyeni chizimire. Akakuuzani za VPN, yomwe imachititsa kuti makompyuta awiri okha ndiwo azionana, muyankhe kuti n'zovuta. Ndipo ngati wachibale anakukakamizani kugula disiki yakunja, isiyeni yolumikizidwa ku kompyutayo nthawi zonse, kuti kachirombo kotseka mafayilo kakadzalowa kadzatseke zonse ziwiri tsiku limodzi.

Tinene kuti mwalowa. Skrini ya kumudzi yaoneka pa laputopu yanu, mwatsegula nyimbo, mwadina play, timizere tikuvina, koma m'makutu muli zii. Chifukwa chake n'chakuti situdiyo imayendera ASIO, njira yomwe kampani ya Steinberg inapanga kuti mawu azichoka mu pulogalamu kupita ku saundikhadi mwachindunji, osadutsa mu mikisala ya Windows. Mapulogalamu olowera kutali amatapa mawu mu mikisala ya Windows imeneyo. Choncho nyimbo ikulira m'chipinda chotseka ku Luchenza, inu ku Blantyre simukumva kanthu. Remote Desktop ndiye imatha kulanda mawu onse n'kuika chipangizo chakechake, pulogalamu yanu n'kuyamba kudandaula kuti saundikhadi yasowa. Zikatero, sinthani driver, muchoke pa ASIO mupite pa ya Windows, mpaka phokoso litamveka. Likamveka, likhulupirireni.

Phokoso limenelo lafinyidwa. Mawu osafinya a mulingo wa CD amafuna makilobiti 1,411 pa sekondi, omwe ndi mamegabayiti pafupifupi 635 pa ola, ndipo ayenera kukwera kuchokera ku Thyolo, kumene netiweki imasintha mukangotsika chigwa kapena kuzungulira phiri. Pulogalamu yolowera kutali inapangidwira anthu a mu ofesi, choncho imachepetsa mawu kuti chithunzi chiyende, ndipo netiweki ikafooka imachepetsanso. Zoyamba kusowa ndi zimene womikisa amazifuna kwambiri: kunyezimira kwa mawu a soprano, mpweya wa m'chipinda, kutalika kwa reverb. Kenako mverani zotsalazo pa tisipika ta laputopu kapena pa timahedifoni ta pamsika, momwe besi simveka n'komwe. Mudzaona ngati abambo a besi m'kwaya akuchepa, muwakweze. Ng'oma yaikulu ya tchopa idzamveka ngati chitini, muionjezere kunsi. Mukamaliza, dinani save pa fayilo yomweyo, osaipatsa dzina lina. Mikisi yomwe munaipanga muli m'chipindamo ndi sipika zenizeni, oimba ali pomwepo akuvomereza, yapita. Yatsopanoyo idzang'amba sipika tsiku loikhazikitsa ku tchalitchi.

Mausi nayo musaidikire. Mukakoka kachidutswa ka mawu skrini n'kuima, pitirizani kukoka ndi kudina. Chimene mukuona ndi chithunzi cha masekondi apitawo, pamene kompyuta ya kumudzi yalandira kudina kwanu konse n'kuchita monga mwailamulira. Vesi yachiwiri yasuntha pang'ono, tiraki ina yafufutika, inu simunaone, ndipo autosave yasunga.

Ena amapitirira apo, amafuna kuimba kiyibodi ali kutali kuti amve mawu a plugin yakale ija. Kiyibodi yolumikizidwa ku laputopu siifika yokha ku kompyuta ya kumudzi, pamafunika pulogalamu ina yotumizira MIDI pa netiweki, koma tinene kuti mwaipeza. Mu situdiyo, buffer ya ma sample 256 pa 44.1 kHz imachedwetsa mawu ndi mamilisekondi osakwana 6, ndipo chala sichidziwa n'komwe. Pa netiweki ya foni, kudina kwanu kuyenera kupita, mawu n'kubwerera, ndipo nthawi zina ulendowo umadzera pa seva ya kunja kwa dziko ngakhale kuti pakati pa Thyolo ndi Blantyre pali makilomita pafupifupi 40 okha. Kuchedwa kopitirira mamilisekondi 100 si kwachilendo. Nyimbo ya 120 BPM, kugunda kumodzi ndi mamilisekondi 500, ndipo kagawo kamodzi mwa tinayi ta kugundako ndi mamilisekondi 125. Nyimbo zathu zimakoma m'timipata tating'ono timeneti, momwe ng'oma imodzi imayankha inzake. Choipitsitsa n'chakuti kuchedwako sikukhazikika, pano 80, pano 200, moti dzanja silingakuzolowere. Imbani choncho, kenako mukanikize quantize pa zonse kuti ziongoke. Zidzaongoka, koma palibe amene adzavine.

Tsono ili ndilo limandipweteka kuposa onse. Landirani ntchito yatsopano muli kutali. Amayi a tcheya a kwaya akakuimbirani kuti, "Achimwene, tasonkha ndalama ija, tibwere liti?" muwauze kuti abwere Lamlungu masana, mphwanu akawatsegulira, inu mujambula muli ku Blantyre. Anthu awa asonkha kwa miyezi, kutapa pa fotinaiti yomwe siikwanira ndi kale. Ena achokera kufupi ndi Malamulo, ena ku Satemwa, ena ku Naming'omba, pa njinga ndi wapansi, atavala yunifolomu ngakhale kuti palibe wowajambula chithunzi. Kujambula kwaya ndi ntchito ya makutu ndi miyendo: kusuntha maiki pang'ono, kubweza m'mbuyo mayi wa mawu amphamvu, kumva kuti njinga yamoto yadutsa panja, kuona kuti oimba atopa apume kaye. Zonsezi simungazichite pa skrini. Gain ya pa saundikhadi ndi kachitsulo kopotokola ndi dzanja, mausi siikafika. Mukalowa ndi Remote Desktop, skrini ya m'chipindamo imatsekeka, moti mphwanuyo sangaone n'komwe kuti mita yafiira. Mawu akaphulika polowa, palibe plugin yowabwezera mwakale. Kwaya idzaimba ndi mtima wonse, idzapemphera, idzabalalika, ndipo zimene zajambulidwa mudzazimva bwinobwino patapita masiku.

Mwina mukufunsa kuti nanga bwanji osangosamutsira zonse pa laputopu. Funsolo ndi labwino, ndipo yankho lake ndilo lionetsa kufunika kwa bokosi lakalelo. Ma plugin ambiri amene anapanga mawu a nyimbo za zaka zimenezo ndi a 32-bit. Cubase inasiya kuwalandira kuyambira Cubase 9 mu 2016, ndipo makompyuta a Apple anasiya mapulogalamu a 32-bit pa macOS Catalina mu 2019. Masaundikhadi ena akale, makamaka a FireWire, alibe driver ya Windows yatsopano, ndipo malaputopu a lero alibe n'komwe polowetsa chingwe chake. Cubase yakale yogula mwalamulo imafuna kakiyi ka USB kotchedwa eLicenser, ndipo Steinberg inatseka ntchito ya eLicenser pa 20 Meyi 2025, kutanthauza kuti laisensi yomwe ili pa kakiyiko igwirabe ntchito, koma kakatayika kapena kuthyoka n'kovuta kuibwezeretsa. Choncho kompyuta yakaleyo ndi malo okhawo padziko lapansi kumene nyimbo zimenezo zimatseguka monga zinapangidwira. Podziwa zimenezi, kakiyiko kasiyeni kutsogolo kwa bokosi pomwe mwendo wa munthu umadutsa, kapena mukaike m'thumba mupite nako, kuti Cubase ya kumudzi isatseguke. Usiku wina mukasowa tulo, ikani Windows 10 pa kompyutayo muli kutali, ngakhale kuti nayonso Microsoft inaisiya pa 14 Okutobala 2025. Ikadziyatsanso, mwina siidzabwereranso pa intaneti, ndipo ikabwerera saundikhadi idzakhala itasowa driver.

Ntchito imodzi imene kulowa kutali kumaichita bwino kwambiri, imeneyo ndiye muipewe. Ndi yotopetsa, yosasangalatsa: kutsegula nyimbo imodziimodzi, kutulutsa tiraki iliyonse payokha ngati WAV kuyambira poyambira penipeni, ina ili ndi ma effect ina ilibe, kutulutsanso MIDI, n'kulemba tempo ndi kiyi m'kafayilo ka mawu. Ntchito imeneyi siifuna kuti mumve bwino, siisamala za kuchedwa kwa netiweki, ndipo mafayilowo angathe kupita pa disiki yakunja yomwe wina angakubweretsereni pa minibasi. WAV inapangidwa ndi Microsoft ndi IBM mu 1991, ndipo mpaka lero pulogalamu iliyonse yojambulira nyimbo imaitsegula, kaya pa laputopu yanji. Nyimbo yotulutsidwa motero yamasuka ku plugin, ku kakiyi ndi ku Windows 7. Mukanachita nyimbo zitatu usiku uliwonse, miyezi ingapo bokosilo likanakhala lopanda chokuopsani. Inu muzingotulutsa MP3 ya nyimbo imene kasitomala wafunsa, muitumize pa WhatsApp, ndipo imeneyo ikhale master yake.

Maina musalembe. Mafoda akhale "kwaya", "kwaya new", "final", "final 2". Musalembe kuti anapeka ndani, anatsogolera ndani, mpingo wake uti, chaka chanji. COSOMA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1992 kuti iziteteza eni nyimbo, singathandize munthu amene dzina lake silinalembedwe paliponse. Hugh Tracey ankayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 ndi makina olemera a tepi, ndipo pa nyimbo zimene ankajambula ankalemba oimba, malo ndi chilankhulo. Zojambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, yomwe anaiyambitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa, moti mdzukulu wa woimba angathe kupeza mawu a agogo ake. Alan Namoko, woimba wosaona wa ku Thyolo konkuno, anamwalira mu 1995, koma banjo yake ndi gulu lake la Chimvu Jazz timazimvabe chifukwa panali anthu amene anajambula, n'kusunga, ena n'kukopera pa makaseti ndi ma CD. Tchopa ya Alhomwe inalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 2014, koma pepala la UNESCO silisunga liwu la mayi wakutiwakuti amene amatsogolera nyimbo m'mudzi mwake. Minda ina ya tiyi kuno yadutsa zaka 100, Satemwa inayamba mu 1923, ndipo mibadwo yonse imeneyi anthu akhala akuimba m'minda, m'matchalitchi ndi m'maliro. Nyimbo zochuluka zinapita ndi eni ake. M'badwo wathu uno ndi umene wakhala ndi mwayi woti munthu wothyola tiyi alowe mu situdiyo ya pamsika najambulitse mawu ake, ndipo mbiri imeneyo yagona m'mabokosi ngati lanulo. Ine ndimaona kuti wojambula nyimbo wa pamsika ndi wosunga chuma cha anthu, afune asafune.

Zizindikiro zidzayamba pang'onopang'ono. Foda idzachedwa kutseguka. Nyimbo ina idzati fayilo yawonongeka. Mphwanu adzanena pa foni kuti, "Achimwene, ikumveka kuti tcha, tcha, tcha mkatimu." Kumeneko ndi kamutu kowerengera kaja kakulephera kupeza njira. Disiki ikafika apa, ola lililonse limene yayaka likuchotsa pa maola ochepa amene yatsala nawo, ndipo anthu odziwa amaizimitsa nthawi yomweyo, n'kuichotsa, n'kukopera zonse kamodzi kupita pa disiki ina. Pali timapulogalamu taulere, monga CrystalDiskInfo, tomwe tikanakuchenjezani miyezi ingapo m'mbuyomo. Inu muuzeni mphwanuyo kuti aizimitse n'kuyatsanso, kachiwiri, kachitatu, mpaka ilole. Ikalola, yendetsani defragment kuti ithamangeko, disiki yodwalayo isunthe fayilo iliyonse usiku wonse. Windows ikadzafunsa kuti disiki iyenera kuchitidwa format isanagwiritsidwe ntchito, ndipo mphwanuyo n'kukuwerengerani uthengawo pa foni, muuzeni adine OK.

Ngakhale pamenepo mwayi umakhala ukadalipo, chifukwa format yachangu imafufuta mndandanda wa mafayilo, mawu enieniwo n'kutsala pa timbale. Kuti mutsirize, tsitsani pulogalamu yobwezeretsa mafayilo n'kuiika pa disiki yomweyo, ndipo zimene yapeza muzisungenso pomwepo. Chilichonse chatsopano chimene chalembedwa chimagona pamwamba pa chakale, ndipo fayilo yolembedwa pamwamba ngakhale akatswiri a ku Johannesburg sangaibweze.

Amayi a tcheya adzaimbanso foni. Mwina akufuna nyimbo zija kuti aike pa fulashi, mwina mmodzi wa oimba watisiya ndipo abale akupempha nyimbo imene ankatsogolera kuti ikalire pa maliro. Auzeni kuti kompyuta inafa, ngati kuti inagwa yokha ndi malungo, ndipo muwapemphe asonkhenso kuti adzajambulenso. Ena mwa oimbawo anali a ganyu ya nyengo ya mvula, kontilakiti itatha anabwerera kwawo ku Phalombe ndi ku Mozambique. Wa besi uja anapita ku Joni. Amene atsala adzasonkha, chifukwa nyimbozo amazikonda, ndipo adzakufunsani ngati ulendo uno mudzabwere nokha.